Mafunso a Owerenga: Buluku la Kuthengo pa Dzinja, Chisanu ndi Chilimwe

Makalata a mwezi uno achokera kwa alenje, olondera minda ndi mmisiri wina wosoka, onse a kuno ku Mzuzu ndi madera otizungulira. Ena tawafupikitsa. Tikumbutsane kaye kuti lamulo la National Parks and Wildlife Act, lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2017, limafuna kuti wosaka nyama zotetezedwa akhale ndi chiphaso chochokera ku nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo. Ku Nyika, ku Vwaza ndi m'nkhalango za boma monga Kaning'ina si kosakako. Mayankhowa ndi a anthu osaka mololedwa, komanso a wina aliyense woyenda m'tchire: a ming'oma ya njuchi, ozula bowa, ozimitsa moto wolusa.

Ndimapita kukasaka nkhanga ndi nkhwali m'mamawa nditavala jinzi yolimba kwambiri. M'mwezi wa Juni ndimabwerako nditanyowa mpaka m'ntchafu ngakhale mvula isanagwe, miyendo itazizidwa, m'mphechepeche mutasupuka. Vuto lili pati? — Bambo wa ku Chibavi

Bambo, jinzi imakutetezani ku minga, koma pa mame imakugulitsani. Kuyambira Meyi mpaka Julayi tsekera amakhala atafika m'chiuno, kwina kupitirira mutu, ndipo mame amakhalabe pa udzu mpaka dzuwa litakwera ndithu. Kukachita chiperoni, udzu suuma tsiku lonse. Jinzi ndi thonje lokhalokha lolukidwa mochindikala, ndipo yeniyeni imalemera magalamu 400 kapena kuposerapo pa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Thonje limamwa madzi n'kumawakweza lokha ngati chingwe cha koloboyi, n'chifukwa chake mumanyowa m'ntchafu pomwe udzu unangokukhudzani m'mawondo. Likanyowa limalemera, limakakamira pakhungu, limatulutsa kutentha kwa thupi, ndipo msoko wokhuthala wa pakati pa miyendo umayamba kupala khungu lomwe lafewa kale ndi madzi.

Funani buluku la nsalu yosakaniza: magawo 65 pa 100 poliyesita, 35 thonje, yolemera pakati pa magalamu 230 ndi 280 pa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Mabuluku ambiri a anthu ogwira ntchito zamanja amene amabwera m'mabelo a kaunjika ndi a nsalu imeneyi, ndipo kachikwangwani ka m'chiuno kamanena. Kakafufutika, yesani nokha pomwepo. Donthezani madzi pang'ono pa bondo: akangolowa nthawi yomweyo n'kufalikira, ndi thonje, akayamba aima kaye ngati kadontho, pali chiyembekezo. Kwezani nsaluyo kudzuwa: mukaona kuwala kukudutsa m'timabowo, chisoso ndi minga zidutsanso. Kenako khuzani miyendo iwiri ya bulukulo pafupi ndi khutu. Ikamalira kuti shwa shwa, nkhanga zikumvani musanazione.

Mukalipeza, lipakeni phula. Sungunulani magalamu 90 a kandulo ndi magalamu 10 a phula la njuchi m'kachitini koikidwa m'poto wa madzi otentha. Musaike chitinicho pamoto mwachindunji chifukwa phula likatenthetsa limayaka. Thirani m'kachibekete, lisiyeni liume. Pa buluku lochapa ndi louma bwino, khuzani chibulumwacho kuyambira kumpendero mpaka chikhatho chimodzi pamwamba pa bondo, ndi pamatako pomwe mumakhalira. Pititsanipo simbi yofunda chabe mpaka phula litalowa mu ulusi osaonekanso, ndipo muike pepala m'kati mwa mwendo kuti lisadutsire mbali ina. Kupaka pang'onopang'ono kawiri kumaposa kumata kamodzi, chifukwa phula lochuluka limaumitsa nsalu n'kumathetheka pa bondo. Kumbuyo kwa bondo ndi m'mphechepeche musapakemo, thukuta limatulukira m'menemo. Mukachapa ndi sopo m'madzi ofunda phulalo limachoka pang'onopang'ono, ndipo zimenezo n'zabwino chilimwe chikafika.

Amuna anga amalondera chimanga usiku m'dzinja chifukwa cha nguluwe. Ndinawagulira buluku la pulasitiki la mvula, koma amabwera atanyowa m'kati, majombo atadzaza madzi. Kodi ndinagula lachinyengo? — Mayi wa ku Lusangazi

Mayi, mwina silinaboole n'komwe. Pulasitiki imatsekereza mvula kunja ndi thukuta m'kati, ndiye munthu akayenda mphindi 30 akukwera mtunda amanyowa ndi madzi a m'thupi mwake. Kuti mudziwe, mangani mwendo umodzi kumpendero ndi chingwe, thiranimo malita 2 a madzi, mupachike kwa mphindi 10. Pakatuluka dontho, kawirikawiri ndi pa msoko. Tembenuzani bulukulo muone ngati misoko inamatidwa ndi katepi m'kati. Popanda katepiko, bowo lililonse la singano ndi khomo la madzi. Ngati pa kachikwangwani palembedwa 10,000 mm kapena kuposerapo, nsaluyo imapirira mvula yamphamvu. La 2,000 mm kapena 3,000 mm limalowa madzi munthu akagwada kapena kukhala pansi ponyowa.

Kavalidwe kake ndi aka. M'kati avale buluku lopepuka losachedwa kuuma, mpendero wake alowetse m'sokosi kuti linthumbu ndi nkhupakupa zisakwere. La mvulalo alinyamule m'thumba popita, alivale akafika pa dindiro kapena mvula ikayamba, ndipo miyendo yake ikhale kunja kwa jombo. Akailowetsa m'jombo, madzi onse otsetsereka kuchokera m'chiuno amathera ku phazi. Ngati mungapeze lokhala ndi zipi m'mbali mwa mwendo, tengani limenelo, chifukwa limavalika osavula jombo zamatope ndipo zipiyo imatsegulika kuti mpweya ulowe.

Kuno mvula imachedwa kutha, Malichi ndi Epulo amakhala a mvumbi, choncho mabuluku a m'kati akhale awiri osinthanitsa. Lonyowa musalikulunge m'thumba, limachita nkhungu ndipo ulusi umawola. Musaliyanike pansi kapena pa udzu: ntchentche ina imaikira mazira pa zovala zachinyezi, mphutsi zake n'kulowa m'khungu. Yanikani pa chingwe, kenako sitani makamaka m'chiuno ndi m'misoko. La pulasitiki lokha musaliyandikize simbi. Za nguluwezo, adziwitse ofesi ya za nyama zakuthengo kuti iwalangize zololedwa poteteza munda.

Ku Viphya m'mwezi wa Julayi ndimavala majinzi awiri koma ndikakhala chete ola limodzi ndimanjenjemera. Ndiwonjezere lachitatu? — Wachinyamata wa ku Chikangawa

Ayi, achimwene. Chimatenthetsa si kuchindikala kwa nsalu koma mpweya wouma wotsekeredwa pakati pa zovala. Majinzi awiri othina amafinya mpweya umenewo, amapanikiza mitsempha ya kumbuyo kwa bondo, ndipo amasunga thukuta lonse la pokwera phiri. Mzuzu ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,250 ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10. Ku Viphya n'kokwera kuposa apo, ndipo ku Nyika, komwe nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600, madzi amaundana pa udzu. Munthu wonyowa amene akuombedwa ndi mphepo akhoza kudwala ndi kuzizira ngakhale madzi asanaundane.

Pakhungu valani buluku la m'kati logwira thupi, la poliyesita kapena la ubweya wa nkhosa, ngati aja amavala othamanga. Pamwamba pake pabwere buluku lanu la kuthengo lothinana ulusi kuti mphepo isadutse, lokulirapo saizi imodzi. Ngati mukakhala nthawi yaitali osayenda, nyamulani lina la fleece (nsalu yofunda yaubweyaubweya) m'chikwama, mukalivale pakati mukafika thukuta litauma. Nyamukani kunyumba mukumva kamphepo pang'ono. Mukanyamuka mukumva kutentha, mufika mutanyowa. Pokhala, yalani thumba lopinda kanayi kapena kachidutswa ka matiresi, chifukwa nthaka yozizira imakoka kutentha msanga kuposa mpweya. Mnzanu akayamba kunjenjemera kosaleka, kulankhula mokoka lilime ndi kulephera kumanga batani, m'vuleni zonyowa, m'fundikeni zouma, m'patseni chakumwa chotentha cha shuga ngati akutha kumeza, ndipo mutsike naye. Kachasu musam'patse, amangom'namiza kuti wafunda pomwe thupi likuzizirabe.

Kwathu ndi ku Bolero, kufupi ndi Vwaza. Mu Okutobala kumatentha moti ndimaganiza zongovala kabudula kapena kabuluku kanga kakuda kopyapyala ka nayiloni popita kothamangitsa ntchenzi ndi akalulu. Cholakwika chilipo? — Bambo wa ku Mchengautuwa

Adada, zonse ziwirizo tikukuletsani, ndipo pano tichedwepo chifukwa ndi nkhani ya moyo. Madera ozungulira Vwaza ali ndi kashembe, ndipo boma la Rumphi ndi limodzi mwa madera amene matenda a kaodzera amapezekabe m'dziko muno. Kashembe amakopeka ndi mtundu wakuda ndi wa buluu. N'chifukwa chake nsalu zotchera kashembe zimene mumaziona zitapachikidwa m'tchire zimakhala za mitundu imeneyo. Buluku lakuda, ngakhalenso jinzi ya buluu, ndi loitana. Kuwonjezera apo, kamlomo kake kamaboola nsalu yopyapyala yomatirira pakhungu. Valani la kaki, la mtundu wa dothi kapena lobiriwira motuwa, la nsalu yothinana ulusi ya magalamu 200 mpaka 240 pa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndipo likhale lomasuka kuti pakati pa nsalu ndi khungu pakhale mpata. Mpata umenewo ndi umenenso umaziziritsa, chifukwa mukamayenda mwendo wa buluku umapopa mpweya. Mukalumidwa, pamalopo n'kutupa chilonda chofiira chopweteka, kenako thupi n'kutentha ndi mutu kuwawa m'sabata imodzi mpaka zitatu, pitani kuchipatala ndipo muwauze adokotala kuti munali kufupi ndi Vwaza. Zizindikiro zake zimafanana ndi malungo, ndipo mtundu wa kaodzera wa kuno umathamanga, umapha m'miyezi yochepa ukapanda kuchizidwa.

Chachiwiri ndi moto. Chilimwe ndi nyengo ya lupsa, osaka mbewa ndi ena amakhala akutentha tchire, zomwe zasakaza mitengo yambiri ku Chikangawa ndipo tikupempha kuti zilekeke. Nayiloni ndi poliyesita yokhayokha ikagwidwa ndi moto imasungunuka n'kumatirira pakhungu, chilonda chake chimalowa m'kati. Thonje limanyeka koma silimatirira. Choncho nyengo ino, mosiyana ndi ya mame, buluku la thonje lambiri ndilo labwino, ndipo thukuta limene limamwa limakuziziritsani likamauma. Ngati munalipaka phula m'chisanu, lichapeni ndi madzi ofunda mpaka phula litatha.

Kabudula amakusiyani pa mbalambanda. Ziputu za udzu wopsa ndi zakuthwa ndipo zimabaya akakolo ndi msongolo. M'mphepete mwa mitsinje chitedze chimakhala chitauma, ubweya wake ukuuluka ndi kamphepo kalikonse. Pa chitedze nsalu yosalala imaposa yaubweyaubweya, chifukwa fleece ndi kodiroyi zimagwira ubweyawo n'kupita nawo kunyumba. Buluku likakhudza chitedze, musalikunthe mutalivala. Livuleni molitembenuza, mulichape palokha, ndipo musaliphatikize ndi zovala za ana.

Za nkhupakupa ndi udzudzu, mankhwala opopera zovala a permethrin wa 0.5 peresenti amathandiza. Poperani panja, pa buluku losavala, mpaka lichite chinyezi, makamaka kumpendero ndi m'chiuno, ndipo liume bwino pa mthunzi musanalivale. Amakhala pafupifupi masabata 6 kapena kuchapa ka 6. Asanaume ndi oopsa kwa amphaka ndi nsomba, choncho musatsukire botolo lake kumtsinje. Mankhwala a mbewu kapena a dibi la ng'ombe musapake pa zovala, mphamvu yake ndi yosiyana ndipo amalowa m'khungu ndi thukuta.

Ndaona buluku la mawangamawanga ngati la asilikali pa msika. Anzanga akuti nyama sizikuona ukavala limenelo. Ndigule? — Wowerenga wa ku Katawa

Lisiyeni. Gulu la asilikali la Malawi Defence Force lakhala likuchenjeza anthu wamba kuti asavale zovala zofanana ndi zawo, ndipo mu mzinda wokhala ndi Moyale Barracks simuyenda nalo patali musanafunsidwe. Kuthengo nako, munthu wovala choncho atanyamula chida amaoneka ngati wopha nyama mozembera lamulo.

Phindu lakenso ndi lochepa kuposa mmene anzanu akunenera. Nyama za ziboda monga gwape ndi insa sizisiyanitsa bwino mtundu wofiira ndi wobiriwira, koma buluu zimamuona. Chimakuululani kwa izo ndi fungo, phokoso ndi kugwedezeka. Mbalame ndizo zimaona mitundu bwino, komabe kaki wosawala amakwanira pa udzu wouma, ndi wobiriwira motuwa pa dzinja. Samalani ndi zonyezimira: batani lachitsulo, chomangira lamba, nsalu yatsopano ya nayiloni. Makiyi ndi ndalama zachitsulo m'thumba zimalira pa sitepe iliyonse. Chapani ndi sopo wamtanda wopanda fungo, tsukuluzani kawiri, ndipo yendani mphepo ikukuombani kumaso.

Mukakhala pa uzimba wa anthu ambiri, kubisala kwambiri n'koopsa. Mu tsekera wamtali mnzanu akhoza kuponya mkondo kapena kuombera pa chinthu chimene changogwedezeka. Valani chipewa kapena kansalu ka olenji wowala paphewa. Alenje a m'maiko ena, monga America, amavala mtundu umenewu pa chifukwa chomwechi, ndipo nyama za ziboda siziuona mowala mmene timauonera ife.

Ndine telala. Makasitomala akumafuna mabuluku a kuthengo koma amang'ambika pakati ndi pa bondo. Ndisoke bwanji? — Mmisiri wa ku Luwinga

Amisiri, limang'ambika chifukwa mukudula ngati buluku la ku ofesi, la munthu woimirira. Wa kuthengo amanjuta, amagwada, amalumpha ngalande. Muyezeni ataimirira, kenako anjute muone pamene tepi ikukoka. Pa ntchafu onjezerani mainchesi 3 mpaka 4 kuposa muyeso wa thupi, pa matako mainchesi 4, ndipo chiuno cha kumbuyo chikwere inchi imodzi ndi theka kuposa cha masiku onse kuti akawerama msana usakhale poyera. Munthu wamkulu bwinobwino amafuna mamita 2 a nsalu ya masentimita 150 m'lifupi, kuphatikizapo zigamba ndi matumba. Inyikeni m'madzi n'kuiumitsa musanadule, chifukwa thonje limafupika likachapidwa koyamba.

Pakati pa miyendo, pomwe misoko inayi imakumana, ndi pamene mphamvu yonse imathera. Ikanipo kachigamba ka ngodya zinayi kosongoka mbali ziwiri, kotalika mainchesi 10 mpaka 12 motsata msoko wa m'kati mwa miyendo ndi mainchesi 3 mpaka 4 m'lifupi. Kamamwaza kukokako ndipo kamachotsa mfundo ija imasupula anthu. Pa bondo pindani timadati (timapindo tosokedwa) tiwiri mbali iliyonse, ta theka la inchi, kuti mwendo ukhale wopindika kale. Ikani nsalu yachiwiri kuyambira mainchesi 4 pamwamba pa bondo mpaka mainchesi 8 pansi pake, ndipo kumunsi musiye kampata kosasoka kuti madzi ndi mchenga zizituluka. Wa ku minga yambiri, chigambacho chikhale cha lona yofewa ndipo chifike kumpendero.

Misoko ikhale yopinda n'kusoka kawiri ngati ya m'mbali mwa jinzi, ndi ulusi wa poliyesita, chifukwa wa thonje umawola ndi thukuta. Singano ikhale nambala 16, pa lona 18, ndipo sitichi italike mamilimita 3. Mukafupikitsa kwambiri, mabowo amayandikana n'kudula nsalu. Pa ngodya za matumba ndi pa zolowetsa lamba bwerezani kusoka kangapo. Zolowetsa lamba zikhale 7, zokwana lamba wa mainchesi 2, chifukwa mpeni ndi botolo la madzi zimakokera pansi. Thumba la pa ntchafu likhale m'mbali chakutsogolo pang'ono, lotseka ndi mabatani osokedwa mobisika. Zomata zija zolira pozitsegula musaikepo, zimadzazanso ndi njere za udzu n'kusiya kugwira. Kumpendero lowetsani chingwe chomangira m'malo mwa lasitiki, amene amatha mphamvu ndi dzuwa ndi simbi.

Kodi lilipo buluku loti njoka singaboole? — Mayi wa ku Zolozolo, woweta njuchi

Mayi, buluku wamba lotero kulibe. Mano a mphiri yaikulu amapitirira sentimita imodzi, ndipo mphiri sithawa, imangogona phee m'njira. Nsalu yochindikala yomasuka imachepetsako ngozi chifukwa nthawi zina dzino limakodwa mu nsalu lisanafike bwino pakhungu, koma musaidalire. Popeza oyenda m'tchire amalumidwa kwambiri kuphazi ndi kumsongolo, ikani chitetezo kumeneko: jombo zofika pafupi ndi bondo, kapena zokutira miyendo za chikopa kaya za lona yopinda katatu, zoyambira pa nsapato mpaka pansi pa bondo, zomangira kunja kwa mwendo. Wosoka nsapato akhoza kukupangirani. Kwa inu a njuchi zimathandizanso kutseka mpendero, pakuti njuchi zogwa pansi zimakwawa chokwera. Valani zoyera kapena zotuwa, zakuda zimazikwiyitsa.

Wina akalumidwa, m'chotseni pomwe pali njokayo, m'masuleni chilichonse chothina pa mwendo, ndipo ngati buluku likuthina ling'ambeni motsata msoko chifukwa mwendo utupa. Musacheke bala, musayamwe, musamange chingwe chothina. Mangirirani mwendo ku kamtengo kuti usagwedezeke, m'nyamuleni asayende yekha, ndipo thamangirani naye ku chipatala chapafupi, chomwe chingam'tumize ku Mzuzu Central ngati pakufunika kutero. Lembani nthawi imene walumidwa, ndipo chongani ndi cholembera pamene kutupa kwafika kuti adokotala aone mmene kukukwerera.